Malonda ndi m'maso: nanga wogula akakhala kuti sakuona?

Akuluakulu anati malonda ndi m'maso. Mayi wogula usipa mumsika wa Limbe amayamba wautola, kuununkhiza, kuthyola kamodzi pakati kuti aone ngati unauma bwino, kenako n'kuyamba kunenerera. Wogulitsa naye amamuyang'ana mayiyo ndipo amadziwa ngati wabwera ndi ndalama kapena akungotaya nthawi. Malonda a pa intaneti anachotsa zonsezi. Wogula ali ku Khayelitsha, wogulitsa ali ku Bellville, katundu ali pa chithunzi, ndipo ndalama ziyenera kuchoka m'thumba la munthu kupita kwa wina amene sanamuonepo chibadwire. Apa ndi pamene pagona vuto la Amalawi ambiri, pamodzi ndi anzawo a ku Chipata ndi ku Tete, amene akuyesa geni ya pa foni mumzinda wa Cape Town. Anthu oona malonda awo alipo ndithu, koma oonawo sakukhulupirira, ndipo munthu amene sakukhulupirira satulutsa ndalama.

Amalawi a mumzindawu amapezeka kwambiri m'madera monga Imizamo Yethu ku Hout Bay, Masiphumelele kufupi ndi Fish Hoek, Dunoon, Joe Slovo Park ku Milnerton ndi Vrygrond kufupi ndi Muizenberg. Ambiri amagwira ntchito za m'nyumba, za m'maluwa, za m'malesitilanti ndi za zomangamanga, ndipo geni ndi yongoonjezera pa malipiro a pamwezi. Wina amaitanitsa mpunga wa Kilombero, usipa, utaka, nyemba, tsabola wa Nali ndi Sobo kuchokera kumudzi. Wina ndi telala wosoka madiresi a zitenje, wina ndi kalipentala, wina amaluka tsitsi, wina amagulitsa ziboliboli kwa alendo pa Greenmarket Square. Pali enanso amene malonda awo amayang'ana kumpoto, amene amagula mafiriji, mabulangete, nsapato ndi mafoni n'kukagulitsa ku Lilongwe kapena ku Mangochi. Boma la South Africa litatseka dziko kumapeto kwa Malichi 2020 chifukwa cha mliri wa Covid-19, misika ya alendo inazizira, ndipo ambiri mwa anthu amenewa anatulukira kuti foni imene ankaimbira abale ingathenso kukhala benchi la malonda. Mwezi wotsatira kampani ya Vodacom inatsitsa mtengo wa data ya 1GB ya pamwezi kuchoka pa R149 kufika pa R99, potsatira kafukufuku wa bungwe la Competition Commission amene anapeza kuti osauka ndiwo ankalipira data mokwera kuposa olemera. Kuyambira pamenepo kulowa pa intaneti kunaphweka. Kugulitsa ndiye kunakhalabe nkhani ina.

Kodi akugulitsa kwa ndani?

Cholakwa choyamba cha wamalonda watsopano ndi kutsatsa kwa aliyense. Amajambula katundu wake, n'kuponya chithunzicho m'magulu makumi awiri a pa Facebook ndi pa WhatsApp, kuphatikizapo gulu la mpingo ndi gulu la maliro, n'kukhala pansi kudikira. Mzinda wa Cape Town si msika umodzi. Muli olankhula Chiafrikaans, Chixhosa ndi Chingerezi, muli alendo ochokera ku Ulaya amene amadzaza mzindawu kuyambira Disembala mpaka Febuluwale, ndipo muli anthu obwera ochokera pafupifupi dziko lililonse la mu Africa. Wogula usipa ndi Mmalawi amene wasowa ndiwo za kwawo. Ameneyu amafuna kumva Chichewa kapena Chiyao, amafuna kudziwa kuti nsombazo zachokera ku Mangochi kapena ku Nkhata Bay, ndiponso kuti zafika liti. Wogula thebulo la kalipentala angakhale mayi wa ku Durbanville amene sasamala za kumene mmisiri anabadwira; iye akufuna miyeso mu masentimita, mtundu wa thabwa ndi tsiku limene thebulo lidzafike pakhomo. Uthenga umodzi sungakope anthu awiriwa. Wamalonda amene ali ndi makasitomala a mitundu iwiri alembe mauthenga awiri, ndipo wa Chingerezi aupereke kwa munthu wodziwa bwino chiyankhulocho kuti auwerenge usanatuluke.

Kusankha kasitomala kumathandizanso kudziwa nkhondo zimene si zofunika kumenya. Kampani ya Takealot, imene likulu lake lili mumzinda womwewu, yakhala ikugulitsa pa intaneti kuyambira 2011. Temu inalowa m'dzikoli kumayambiriro kwa 2024, ndipo Amazon inatsegula sitolo yake ya ku South Africa mu Meyi chaka chomwecho. Munthu amene akugulitsa matchaja a foni, mawotchi kapena zikwama za ku China pa intaneti akulimbana ndi zimphona zimenezi pa mtengo, ndipo sangazigonjetse. Koma palibe ndi imodzi yomwe mwa kampani zimenezi imene ingabwere kudzayesa mayi m'chiuno n'kumusokera diresi la chitenje la pa chinkhoswe, kapena kumubweretsera chigumu cha ufa wa mgaiwa Lamlungu m'mawa. Wamalonda wamng'ono amapambana pa zinthu zimene kampani yaikulu singazidziwe kapena singavutike nazo.

Chithunzi ndi mtengo

Popeza wogula sangagwire katundu, chithunzi ndicho chimagwira ntchito ya dzanja ndi mphuno. Apa ambiri amadzikola okha. Telala amatenga chithunzi cha diresi lokongola limene analiona pa tsamba la wosoka wina wa ku Lagos, n'kuliika ngati ntchito yake. Oda imabwera ndithu, koma diresi likafika losiyana ndi chithunzi kasitomala amakumbuka za chikomekome cha mkuyu, ndipo sakhala chete. Amajambula zithunzi ziwirizo moyandikana n'kuziponya m'gulu lomwelo limene telala uja amatsatsiramo. Pakati pa Amalawi a ku Cape Town, amene amadziwana kudzera m'mipingo, m'mizikiti ndi m'magulu a chipereganyu, mbiri yotere imafika ku Hout Bay dzuwa lisanalowe. Kuonjezera apo, lamulo loteteza ogula la Consumer Protection Act la 2008, limene linayamba kugwira ntchito mu 2011, limaletsa kutsatsa malonda monamiza.

Chithunzi chabwino sichifuna kamera yodula. Chimafuna kuwala kwa dzuwa la m'mawa kapena la madzulo pafupi ndi zenera, nsalu yoyera kapena khoma lopanda zolemba kumbuyo, ndi galasi la foni lopukutidwa. Katundu aoneke mbali zonse, ndipo ngati ali ndi kachilema kaonekenso. Wogulitsa nsomba aike mulu pa sikelo kuti nambala ioneke, chifukwa mawu akuti "mulu waukulu" alibe muyeso. Kanema wa masekondi khumi ndi asanu woonetsa telala akudula nsalu, kapena kalipentala akupala thabwa, amanena zambiri kuposa zithunzi khumi, pakuti amatsimikiza kuti kuseri kwa foni kuli munthu weniweni ndi ntchito yeniyeni. Kanemayo akhale wamfupi pa chifukwa chinanso: wogula ambiri amagula data ya tsiku limodzi, ndipo satsegula chinthu chimene chingamudyere bandulo yonse.

Ndiye pali chizolowezi chija chobisa mtengo. Munthu amaika chithunzi cha nsapato, anthu asanu n'kufunsa kuti ndi zingati, iye n'kuyankha aliyense kuti abwere ku inibokosi. Amene amachita zimenezi amati akuopa kuti opikisana nawo aona mtengo, kapena amafuna kuyamba aona kuti wofunsayo ndi wolemera bwanji. Wogula amazindikira zimenezi. Amadziwa kuti mtengo wobisika umasintha malinga ndi nkhope, ndipo amapita kwa amene walemba poyera kuti R350, kutumiza ndi R60. Kunenerera sikuletsedwa, ndi mwambo wa msika, koma kumayambira pa nambala imene aliyense waiona. Lamulo la Electronic Communications and Transactions Act la 2002 limafunanso kuti wogulitsa pa tsamba la intaneti alembe dzina lake lonse, kumene akupezeka, nambala ya foni, mtengo wonse kuphatikizapo wa mayendedwe, ndi ndondomeko yobwezera katundu. Lamulo lomweli limapatsa wogula masiku 7 oti angathe kubweza katundu popanda kupereka chifukwa, iye n'kulipira yekha mtengo wobwezera, ngakhale kuti zakudya, zinthu zosachedwa kuonongeka ndi zinthu zopangidwa motsatira miyeso ya mwini wake sizili m'gulu limeneli. Wamalonda wanzeru amalemba yekha zimenezi asanafunsidwe, chifukwa munthu amene wanena poyera kuti katundu angabwezedwe amaoneka kuti sakuopa katundu wake.

WhatsApp ndi mwambo wake

Kwa wamalonda wamng'ono wa ku Dunoon kapena ku Masiphumelele, sitolo yeniyeni ndi WhatsApp. Facebook, TikTok ndi Instagram ndi msewu umene anthu amadutsa n'kuona chikwangwani, koma kukambirana ndi kugula kumachitikira pa WhatsApp. Pulogalamu ya WhatsApp Business, imene inatuluka mu 2018, ndi yaulere. Imalola munthu kulemba dzina la bizinesi, maola ogwira ntchito ndi dera limene ali, kuika katundu yense pamodzi ndi mitengo yake pamalo amodzi, ndiponso kukonza uthenga woyankha wokha pamene mwini wake ali kotangwanika. Chomalizachi n'chofunika kwambiri kwa mayi amene amagwira ntchito m'nyumba ya abwana ku Constantia kuyambira m'mawa mpaka madzulo ndipo saloledwa kugwira foni. Uthenga wakuti adzayankha ikakwana 6 koloko madzulo, akaukwaniritsa, umasunga kasitomala amene akanathawa chifukwa cha kudikira osadziwa.

Pali kanthu kena kamene ambiri sakadziwa. Zimene munthu waika pa sitetasi zimaoneka kwa anthu okhawo amene iye anasunga nambala zawo, iwonso n'kusunga yake, ndipo zimafufutika pakatha maola 24. Uthenga wotumiza kwa anthu ambiri nthawi imodzi nawo umafika kwa okhawo amene anasunga nambala ya wotumizayo. Tanthauzo lake ndi lakuti ntchito yaikulu yotsatsa ili pa kupempha kasitomala aliyense amene wagula kuti asunge nambala. Anthu 150 amene anagulapo ndipo anasunga nambala ndi chuma choposa otsatira 5,000 a pa Facebook amene sanatulutsepo ngakhale R1. Sitetasi nayo ili ndi ulemu wake. Zithunzi zitatu kapena zinayi patsiku anthu amaziona. Zikafika makumi atatu amangotseka osaonanso. Ndipo foni ya malonda si malo okalipira wachibale amene sanabweze ngongole kapena oikapo nkhani za ndale za kumudzi, pakuti wogula wa chipani china naye amadya mpunga.

Kulowetsa anthu m'gulu la malonda osawapempha, kapena kutenga nambala m'gulu la mpingo n'kuyamba kuzitumizira mauthenga, ndi mwano, komanso ndi mlandu. Lamulo loteteza zinsinsi za anthu, limene limadziwika ndi dzina lakuti POPIA, linakhazikitsidwa mu 2013 ndipo aliyense anayenera kuyamba kulitsatira pa 1 Julayi 2021. Ndime 69 ya lamuloli imaletsa kutumiza mauthenga otsatsa malonda pa foni kapena pa imelo kwa munthu amene sanavomere, kupatula amene ndi kasitomala kale, ndipo nayenso ayenera kupatsidwa njira yokanira. Chindapusa chake chingathe kufika R10 miliyoni. N'zoona kuti bungwe la Information Regulator silingayambe ndi mayi wa usipa, koma chilango chapafupi chilipo: anthu angapo akadandaula kwa WhatsApp kuti nambala ikuwasowetsa mtendere, nambalayo ingathe kutsekedwa, ndipo sitolo yonse imapita nayo.

Chimene chimabweretsa wogula watsopano kuposa china chilichonse ndi mawu a wogula wakale. Mlendo amakhulupirira mnzake amene analandira katundu kuposa mmene angakhulupirire wogulitsa. Choncho pakapita tsiku limodzi kapena awiri katundu atafika, wamalonda afunse ngati zonse zili bwino, ndipo yankho likakhala lokoma apemphe chilolezo choliika poyera, dzina ndi nambala zitabisidwa. Mmisiri amene amayendera anthu m'makomo, monga kalipentala, wopenta kapena wosamalira maluwa, alembetse ntchito yake pa Google Business Profile, imene ndi yaulere ndipo imamuonetsa pa mapu kwa munthu wa ku Claremont amene akufuna mmisiri wapafupi. Kumeneko ndemanga za makasitomala zimakhala mpaka kalekale, zabwino ndi zoipa zomwe. Ndemanga yoipa siyankhidwa ndi ukali. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo umakutsata, ndipo pa intaneti mlomo umasungidwa ndi deti lake.

Ndalama ndi katundu zikamasinthana

Malo oopsa kwambiri pa malonda onsewa ndi pamene ndalama ndi katundu zikusinthana manja, ndipo mantha amakhala mbali zonse ziwiri. Wogula akuopa kulipira n'kutsekeredwa foni. Wogulitsa akuopa kutumiza katundu n'kusalipidwa. Chinyengo chofala kwambiri m'dziko la South Africa ndi cha umboni wabodza wa malipiro. Wakuba amatumiza chikalata kapena uthenga wooneka ngati wochokera ku banki, amati ndalama zioneka mawa chifukwa mabanki ndi osiyana, n'kutumiza galimoto kudzatenga firiji nthawi yomweyo. Mawa likafika mu akaunti mulibe kanthu. Pa nkhaniyi malangizo ndi akale aja: fodya wako ndi amene ali pamphuno. Katundu asachoke mpaka wamalonda ataona yekha ndalama mu akaunti yake, osati pa chithunzi chimene wina wamutumizira. Kuyambira mu Malichi 2023 mabanki a m'dzikoli ali ndi njira ya PayShap imene ndalama zimafika nthawi yomweyo ngakhale mabanki atasiyana, kotero kuti chifukwa chija chakuti zioneka mawa chinatha mphamvu. Kampani ya Yoco, imene inabadwira ku Cape Town ndipo inayamba kupereka timakina tolipirira ndi khadi mu 2015, imalolanso wamalonda kutumiza linki yolipirira pa WhatsApp. Imadula kangachepe pa malonda alionse, ndipo kameneko kayenera kuwerengeredwa mu mtengo.

Njira zonsezi zimafuna akaunti ya ku banki, ndipo akaunti imafuna mapepala oyenera. Apa ndi pamene anthu obwera ambiri amagwa m'mbuna yobwereka akaunti ya mnzawo kapena ya chibwenzi. Wogula akaona kuti dzina la pa akaunti ndi losiyana ndi la wogulitsa amayamba kukayika, ndipo tsiku limene ubwenzi udzathe mpamba wonse udzatsala m'manja mwa mwini akaunti, popanda khoti limene lingathandize mosavuta. Wogulitsa zakudya ali ndi mtolo winanso. Malamulo a zaumoyo a 2018 amafuna kuti malo okonzera kapena osungira zakudya zogulitsa akhale ndi chiphaso cha khonsolo, ndipo boma linakhwimitsa zinthu mu Novembala 2024 pamene Pulezidenti Cyril Ramaphosa analamula kuti timagolosale ta m'makomboni ndi malo ena ogulitsa zakudya alembetsedwe, potsatira imfa za ana amene anadya zakudya zokhala ndi poizoni. Kutsatsa pa intaneti kumaika malonda poyera, ndipo amene amaona si ogula okha.

Kufikitsa katundu kunaphweka kuposa kale, ngakhale kuti positi ofesi ya dzikoli inalowa m'mavuto aakulu a zachuma mpaka kuikidwa m'manja mwa oipulumutsa mu 2023. Kudzera mu Paxi munthu amasiya phukusi pa sitolo ya PEP ndipo wogula amakalitenga pa PEP ya kwawo, kaya ndi ku Gqeberha kaya ku Polokwane. Palinso mabokosi okhoma m'malo ogulitsira mafuta ndi m'misika ikuluikulu. Njira zimenezi zimapereka nambala yolondolera phukusi, ndipo kutumiza nambalayo kwa wogula pamodzi ndi chithunzi cha risiti ndi kutsatsa kwamphamvu kuposa chikwangwani chilichonse, chifukwa kumachotsa mantha pa nthawi imene afika pachimake. Pamene pafunika kukumana maso ndi maso, malo ake akhale a anthu ambiri ndipo kukhale kowala. Apolisi a ku Nyanga akhala akuchenjeza kambirimbiri za achifwamba amene amaitanira ogula ndi ogulitsa a pa Facebook Marketplace ku Browns Farm, m'dera la Philippi, n'kuwalanda katundu, ndalama ndi galimoto, ena mpaka kutaya moyo. Wogula amene akukana kukumana pa sitolo yaikulu kapena pafupi ndi polisi, n'kumaumirira kuti katundu abwere kunyumba kwake, ndi wofunika kumusiya.

Amene amagulitsa kwa anthu a ku Malawi ali ndi mutu wina wowawa, umene ndi kwacha. Ndalamayi inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Munthu amene anatchula mtengo wa firiji mu makwacha, n'kulandira theka, katundu ali pa ulendo wautali wodzera ku Johannesburg, Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka pa chipata cha Mwanza, anapeza kuti theka lotsala silikukwananso kugula firiji ina. Mtengo utchulidwe mu marandi, kapena ulembedwe pamodzi ndi tsiku limene udzathere. Zinenedwenso poyambirira kuti msonkho wa pa chipata alipira ndani, chifukwa mikangano yambiri ya pakati pa wotumiza ndi wolandira imabadwira pamenepo. Ndipo lonjezo la tsiku lofika likhale ndi mpata. Galimoto imachedwa pa Beitbridge, ndipo wamalonda amene wanena kuti milungu itatu katundu n'kufika pa iwiri amatamandidwa, pamene amene wanena kuti umodzi n'kufika pa iwiri yomweyo amatchedwa wakuba.

Khasu lobwereka

Pa 4 Okutobala 2021, Facebook, Instagram ndi WhatsApp zinazima dziko lonse lapansi kwa maola pafupifupi 6. Amene malonda awo onse anali mmenemo anakhala manja m'khosi, osatha ngakhale kuuza kasitomala kuti katundu wafika. Tsikulo linakumbutsa anthu kuti masamba amenewa ndi khasu lobwereka. Mwini wake angathe kusintha malamulo, kuchepetsa anthu oona zimene munthu waika, kapena kutseka akaunti popanda wofunsa. Kawirikawiri si kampani imene imalanda sitolo ayi, koma wakuba wa pa siteshoni amene watsomphola foni, kapena tambwali amene wanyengerera mwini wake kuti amuuze nambala zisanu ndi imodzi zimene zabwera pa uthenga. Akatero amalowa mu WhatsApp n'kuyamba kupempha madipoziti kwa makasitomala m'dzina la mwini sitolo. Nambala zimenezo siziperekedwa kwa munthu aliyense, ndipo WhatsApp ili ndi loko wachiwiri wa nambala yachinsinsi amene amatenga mphindi imodzi kutchera. Koposa zonse, maina a makasitomala, nambala zawo ndi zimene anagula zilembedwe mu kope la pepala losungidwa kunyumba. Foni ikapita, kope limatsala, ndipo munthu amadziwa oyamba kuwachenjeza.

Za kulipira Facebook kuti ifalitse malonda sizifuna mawu ambiri. Zimathandiza pokhapokha zina zonsezi zitakhala m'malo mwake, ndipo zimayesedwa ndi masamu osavuta. Telala amene amapeza phindu la R200 pa diresi, akalipira R300 n'kupeza maoda atatu, wapindula. Akapeza anthu 400 oyamikira chithunzi popanda oda ngakhale imodzi, wataya R300. Asankhe dera laling'ono limene angathe kufikako, ayambe ndi ndalama zochepa kwa masiku ochepa, ndipo asamvere anthu amene amagulitsa otsatira kapena kulonjeza kuti amutchukitsa pa sabata imodzi. Kasitomala aliyense watsopano afunsidwe kuti wamva kwa ndani, yankho lilembedwe mu kope lomwe lija. Pakatha miyezi itatu kope limaonetsa lokha ngati ogula akuchokera pa sitetasi, pa TikTok kapena kwa mayi mmodzi wa ku mpingo amene amauza aliyense, ndipo zikakhala choncho R300 ija ndi bwino kumugulira mayiyo chitenje.

Kope lomwelo limaphunzitsa nthawi. Anthu ambiri olembedwa ntchito m'dzikoli amalandira kuyambira pa 25 mpaka kumapeto kwa mwezi, kotero kuti katundu watsopano woonetsedwa pa 12 amangosiriridwa. Nyengo yachisanu ndi mvula, kuyambira Juni mpaka Ogasiti, alendo amachepa mumzindawu ndipo wa ziboliboli amapuma, pamene wa mabulangete ndi majekete amakolola. Pa 24 Sepitembala ndi tsiku lokumbukira chikhalidwe, pamene m'maofesi ndi m'masukulu anthu amavala zovala za makolo awo, ndipo telala wa zitenje amene wayamba kuonetsa nsalu kumayambiriro kwa Ogasiti amadzaza buku la maoda anzake asanadzuke. Pa 15 Okutobala ndi tsiku la anakubala ku Malawi, nthawi imene ana a ku Joni amafuna kutumiza mphatso kwa amayi awo, ndipo mphatso yoti ikafike pa tsikulo iyenera kunyamuka ku Cape Town Sepitembala asanathe. Mwezi wa Ramadan ukamatha, Asilamu a ku Mangochi ndi Machinga pamodzi ndi a ku Bo-Kaap ndi ku Athlone amafuna zovala zatsopano za Eid, ndipo popeza deti lake limabwerera m'mbuyo ndi masiku pafupifupi 11 chaka chilichonse, liyenera kuonedwa pa kalendala chaka chikamayamba. Katundu wa Khirisimasi wopita kumudzi amasonkhanitsidwa mu Novembala, malo m'magalimoto asanadzaze ndiponso mitengo yonyamulira isanakwere.